Kansomba ka Rozina

Inali itangodutsa sikisi koloko m'mawa, ndipo mvula imene inayamba m'bandakucha inali ikugwabe pa Metangula, yosafulumira, yongoti waa pa malata. Nyanja sinkaoneka. Mphepo ya mpoto inali itatsitsa mitambo mpaka pamchenga, ndipo panjira yopita kumsika panalibe munthu.

Samisoni anagwada patsogolo pa thanki yagalasi imene inali pakona pa chipinda, tepi yoyezera zovala ili m'manja. Atasoka pamsika zaka makumi atatu, anazolowera kukhulupirira tepi kuposa maso ake. Anaigunditsa pagalasi n'kudikira kuti nsomba zidutse. Yaikulu kwambiri, imene inali itayamba kale kutulutsa mizere yabuluu m'nthiti, inakwana masentimita anayi ndi theka. Zinzake zinali m'ma atatu, zina kupitirirako pang'ono. Kenako anatsitsa tepi kumunsi, kuseri kwa mwala wa kumanzere, kumene kunkabisala kansomba kamene malemu mkazi wake, Rozina, ankakatcha Katsalira.

Sentimita imodzi ndi theka. Sabata yatha kanali chomwecho. Pa Khirisimasi kanalinso chomwecho.

Nsomba zonsezo, khumi ndi zisanu ndi ziwiri, zinatuluka m'kamwa mwa mayi mmodzi tsiku limodzi. Samisoni analipo. Thankiyo anabwera nayo ndi Ussene, mlongo wake wa Zamda, mayi wa nyumba yoyandikana nayo. Ussene anali munthu amene anatha zaka zambiri akumira pansi pa nyanja kugwira mbuna, tinsomba ta m'miyala tamitundumitundu totumiza kunja. Rozina atadwala mtima, miyendo n'kutupa mpaka kulephera kufika kudooko, Ussene anabweretsa thankiyo pa njinga, ndi kapampu kake ka mpweya, ndi mbuna imodzi yaikazi yotupa pakhosi.

"Poti simungapite kunyanja, amayi, nyanja ndakubweretserani," anatero tsiku limenelo. "Iyi ili ndi mazira m'kamwa. Masabata atatu sidya kanthu. Muziiyang'ana."

Rozina anaiyang'anadi, ali pampando wake wansungwi, mapazi atawasanjika pa ndowa. Tsiku limene nsombayo inalavula ana, Rozina anaitana mwamuna wake ndi mawu amene anali asanawamve kwa miyezi. Anawerenga limodzi kanayi konse, chifukwa tinthuto sitinkakhazikika. Kenako Ussene anakabwezera make wa tinsombato kumiyala kumene anamutenga.

Patatha mwezi, kusiyana kunayamba kuoneka. Ussene anangoponya diso kamodzi n'kunena kuti kakang'onoko kapatulidwe, kazidya kokha kufikira katalimba. Rozina anakana.

"Anabadwa limodzi, akulira limodzi."

"Amayi, izi ndi nsomba. Zikuluzikuluzi sizidziwa kuti uyu ndi mbale wanga."

"Ine ndikudziwa," anayankha Rozina, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Ussene sanamvetse, koma Samisoni anamvetsa. Nthawi ya nkhondo, banja la kwawo kwa Rozina linathawa ku Lunho pa bwato n'kukafika ku Malawi. Kumeneko chakudya chinali chochepa, ndipo mng'ono wake wa Rozina, Luisa, anali wowonda kuposa ana onse. Akuluakulu anagwirizana zomupereka kwa banja lina la ku Nkhotakota kuti akadye bwino kwa kanthawi. Banjalo linasamuka. Anthu atayamba kubwerera kwawo, Luisa sanapezeke. Rozina anaifotokoza nkhaniyi kamodzi kokha, asanakwatirane, ndipo sanaibwerezenso. Koma tsiku lina Samisoni, pobwera kumsika msanga, anamva mkazi wake akulankhula ndi galasi motsitsa mawu: "Tulukatu, Luisa, udye nawo."

Samisoni anabwerera panja mwakachetechete, n'kukalowanso akutsokomola.

Rozina anamwalira mu Novembala. Sanasiye mawu ambiri. Za nyumba ndi za mwana wawo Ines, amene ankaphunzitsa ku Lichinga, anali atakonza kale. Za thanki ananena ziwiri zokha: "Bambo a Ines, Katsalira muzimuyang'ana, ndinkafuna ndimuone atatulutsa mtundu. Koma musamupatule."

Tsopano inali Januwale, ndipo zinthu ziwirizo zinali zitayamba kukanganirana m'mutu mwake.

Kunja kunamveka kugogoda. Anali Ussene, thumba la pulasitiki lili kumutu, buluku lopindapinda lili m'khwapa.

"Bondiya, a telala, mwadzuka bwanji! Ndati mvula imeneyi kumsika simupita, ndikupezereni pachisa pomwe. Bulukuli lang'ambika malo osatchulika."

"Lang'ambika kapena mimba yakula?"

"Zonse ziwiri. Mkazi wanga akuphika ngati ndikufuna kugulitsidwa."

Samisoni analandira bulukulo, n'kuliyang'ana msoko, n'kuliika pa tebulo. Ussene anali atafika kale pathanki. Anawerama, manja ali m'mawondo, ndipo kuseka kunachoka pankhope pake.

"Kakadali moyo eti?"

"Kali moyo."

"Koma taonani mutu. Mutu ukukula, thupi ayi. Maso okha ngati a kadzidzi. Mimba yalowa m'kati." Anagogoda galasi ndi chikhadabo. "Che Samisoni, ndinene mosabisa? Aka sikafika Febuluwale."

"Chakudya ndimathira chambiri."

"N'chimene chikukulitsa akuluakuluwa. Mukathira, uyu wabuluuyu amayamba ndiye, kenako anzake. Aka kakatulutsa mphuno amakathamangitsa. Kamadya zimene zagwera kuseri kwa mwala, ngati zagwerako. M'nyanja kakanathawira kumwala wina. Muno kathawira kuti?"

Samisoni anatembenuza buluku lija patebulo.

"Lamulungu ndibwera ndi kathanki kakang'ono, ndili nako kunyumba. Mwezi umodzi kokha, mudzaona kakusintha."

"Mayi a Ines anakana."

"Ndikudziwa. Mulungu awasunge pabwino." Ussene anawongoka n'kupukuta madzi pachipumi. "Koma anatinso mukayang'anire, si choncho? Zamda anandiuza. Ndiye musankhe chimodzi, a telala. Zonse ziwiri sizitheka."

Anavalanso thumba lake kumutu n'kutuluka, akukumbutsa kuti bulukulo alifuna Lachisanu asanapite kumzikiti.

Atatsala yekha, Samisoni anatenga kachitini ka usipa wouma wosinja, n'kutapa ndi zala ziwiri monga ankachitira Rozina. Anawaza pamwamba pa madzi mbali ya kumanja kuti zikuluzikulu zipite kumeneko, kenako anagwetsa pang'ono kumanzere, pafupi ndi mwala. Katsalira kanatulutsa mutu. Kanadikira. Kanasuntha pang'ono, kukamwa kuli yasa, ndipo kasanafike pa chakudyacho yabuluu ija inatembenuka ngati mphezi. Mchenga unavunduka. Utakhazikika, kansombako kanali kabwerera kuseri kwa mwala, kakupendekeka, ndipo theka la chipsepse cha kumchira linali litapita.

Samisoni anakhala pampando wansungwi uja. Anali asanakhalepo chimwalirire mwini wake. Anakhala nthawi yaitali, manja ali pamawondo, akumvera kapampu kakulira. Lamulungu linali kutali masiku anayi.

"Mayi a Ines," anatero potsiriza, osakweza mawu, "mundikhululukire. Si kwa anthu achilendo. Akhala pomwe pano, patebulo, muzimuona."

Atatsimikiza mtima, anafuna kuchita zonse mwaulemu. Beseni lochapira analikana. Anatsegula kabati n'kutulutsa mbale yaikulu yagalasi imene Ines anawagulira ku Lichinga, imene inkatuluka pokhapokha kukabwera abusa kapena akuchikazi. Anaitsuka kawiri n'kuipukuta ndi nsalu yatsopano. Kenako anatuluka pakhonde kukafuna madzi.

Za madzi a m'nyumba muno Samisoni sankadziwa zambiri. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi ankangopeza osamba ali kubafa, akumwa ali m'kapu. Rozina atadwala, ntchitoyo anaitenga Zamda, ndipo ngakhale maliro atatha sanaisiye. Zamdayo ankabwera pamene Samisoni ali kumsika, n'kudzaza ndowa, ndipo Loweruka lililonse ankasintha madzi a m'thanki. Lero chifukwa cha mvula anali asanafike.

Pakhonde panali ndowa yabuluu ya madzi a kunyanja, otsala pang'ono pansi, ndi mchenga ndi tizidutswa ta bango. Samisoni anaipendeketsa, madziwo n'kuvunduka. Anapukusa mutu. Wodwala sungamuike m'zimenezi. Pafupi pake, pansi pa ngalande ya malata, panali mtsuko waukulu wodzaza mpaka kusefukira. Madzi a mvula, oyera mbee, ozizira. Rozina ankawasunga ngati chinthu cha mtengo wapatali. Ankati tiyi wa mlendo amafuna madzi a mvula, ndipo ana ankakalipiridwa akatungamo osamba m'manja. M'nyumba yonse munalibe madzi abwino kuposa amenewo.

Anadzaza mbale ija, n'kuikamo kamwala kamodzi kochokera m'thanki. Kugwira Katsalira kunamutengera nthawi. Anagwiritsa ntchito sefa ya tiyi, dzanja lake litalowa mpaka m'chigongono, nsomba zina zikubalalika. Atakagwira anadabwa kupepuka kwake. M'sefamo munali ngati mulibe kanthu, koma maso awiri ndi kamzere konyezimira.

Atakatsitsira m'mbale, kanathamanga kuzungulira kawiri, katatu, mofulumira kuposa mmene anakaonerapo.

"Ehe," anatero Samisoni. "Bwalo lonseli ndi lako."

Anawaza usipa pang'ono. Kansombako sikanadye, koma iye sanade nkhawa. Ngakhale munthu akasamuka sadya tsiku loyamba. Anakoka tebulo kuti likhale pafupi ndi zenera, anatenga singano ndi buluku la Ussene, n'kuyamba kusoka pamanja, diso limodzi lili pambale.

Cha m'ma teni koloko kansombako kanasiya kuzungulira. Kanatsikira pansi, pambali pa kamwala, makha ake akugunda mofulumira. Samisoni anaganiza kuti mwina mpweya wachepa, poti m'mbalemo munalibe pampu. Anataya theka la madziwo mosamala, n'kukatunga ena atsopano mumtsuko, ozizira kwambiri chifukwa anali atangotsika padenga. Kanadzidzimuka, kanakwera pamwamba, kenako kanatsikanso pang'onopang'ono, chammbali.

Anaika buluku pansi. Anayesa kukakhudza ndi nsonga ya supuni, ndipo kanawongoka kwa kanthawi n'kupendekekanso. Anaimbira Ussene, koma foni inali yozima. Anaima pazenera, anabwerera patebulo, anaimanso pazenera.

Mvula inakata dzuwa litapendeka. Posakhalitsa anamva mapazi m'matope ndi mawu a Zamda akulankhula asanafike n'komwe, monga mwa chizolowezi chake.

"Odi kuno! A vizinyu, aneba anga, muli moyo? Nyanja lero yalusa, madzi ake ngati thobwa. Ndaterereka kawiri, ndikathyoka mwendo mudzandisokera wina."

Anatula ndowa pakhonde n'kusuzumira pakhomo, akufinya m'mphepete mwa kapulana yake, chitenje chimene anavala. Anali mayi wamfupi, wonenepa, wogulitsa usipa wouma, ndipo iye ndi Rozina anakhala akubwerekana mchere ndi moto kuyambira ali akazi achitsikana. Ataona mbale ya alendo ili patebulo anaseka.

"Kodi kukubwera abusa?"

Kenako anaona chimene chinali m'mbalemo. Analowa osavula n'komwe masilipasi.

"Mwakapatula?"

"Anakaluma mchira. Ussene anati sikafika Febuluwale."

Zamda anaviika chala m'madzimo n'kuchichotsa msanga. Anachiika palilime.

"Madzi awa mwatunga kuti?"

"Mumtsuko. A mvula."

"Mayo ine!" Anagwira pakamwa. "Che Samisoni, a mvula?"

"Ndi amene ali oyera. A m'ndowa munali mchenga."

Zamda anathamangira pathanki ndi kapu, anatunga madzi a momwemo, n'kuwathira m'bakuli limene linali pafupi. Ndi manja ake awiri anakatola kansombako n'kukaikamo. Onse awiri anawerama pamwamba pa bakulilo, mitu itatsala pang'ono kugundana.

"Nsomba za m'nyanja muno zimafuna madzi a m'nyanja muno," anatero Zamda motsitsa, maso ali m'bakuli. "A mvula alibe kanthu m'kati, ndi opanda mchere wake, ndiponso ndi ozizira. Ngakhale a pamjigo sitithira. Ndowa yabuluuyo ndi ya nsomba. Timatunga, timaisiya igone kuti mchenga ukhale pansi, madzi afunde ngati a m'nyumba, ndiye timathira pang'onopang'ono. Ussene anatiuza tsiku loyamba lomwe."

"Ine sanandiuze."

"Akanakuuzani bwanji? Inu mumatunga madzi?"

Sananene mokalipa. Linali funso chabe.

Makha a kansombako ankagundabe, koma motalikirana. Zamda anayendetsa madzi ndi chala kuti adutse pamutu pake, akunong'ona mawu a pemphero la kwawo. Kamodzi mchira wodukawo unagwedezeka, ndipo Samisoni anagwira mphepete mwa tebulo. Kenako sunagwedezekenso. Anadikirabe. Panja nkhuku zinatuluka m'khola n'kuyamba kupalasa m'matope. Zamda anachotsa chala chake m'madzi n'kuchipukutira pa kapulana.

"Kapita," anatero.

Samisoni anakhala pansi. Nsomba zina zija zinkayendayenda m'thanki monga mwa masiku onse, yabuluu ija ili patsogolo.

"A Zamda, mundiuze zoona. Chakapha n'chiyani, kupatulako kapena madzi?"

Zamda anazengereza. Zikanakhala zapafupi kunena kuti kanali kodwala kale, ndipo Samisoni anaona kuti mawu amenewo afika pamilomo pake. Koma mayiyo anali asanamunamizepo.

"Madzi."

Samisoni anagwedeza mutu.

"Kupatulako sikunali kolakwa," anapitiriza Zamda. "Ngakhale malemu anzanga aja ankadziwa. Sabata yomaliza ija, ndikuwasambitsa, anandiuza kuti Ussene akunena zoona, kungoti iwo sangathe kuziona ndi maso awo. Anati, ine ndikapita, bambo a Ines akadzafuna, muwathandize."

"Kwa ine anati ndisamupatule."

"Kwa inu anatero, inde. Mwina tsiku limenelo mtima unali pamenepo." Zamda anakhala pa mpando wina, chinthu chimene sankachita m'nyumba muno chimwalirire mnzake. "Ndinkadikira kuti mundifunse. Koma inu ndikangotchula dzina lawo mumayamba kufunafuna sizasi. Ndiye ndinati ndisakuvuteni. Nanenso ndalakwa."

"Simunalakwe."

Samisoni ankawerenga m'mutu masabata a kuyambira Novembala. Anakwana asanu ndi anayi. Anaganiza za ndowa yabuluu imene ankaidutsa m'mawa uliwonse popita kumsika, osadzifunsa chifukwa chake imakhala payokha, yovundikira ndi nsalu. Ankadziwa muyeso wa m'chiuno mwa theka la anthu a m'tauni muno, osayang'ana m'buku.

"Ndikakataye?" anafunsa Zamda.

"Ayi. Ndikataya ndekha."

Anatenga kachidutswa ka nsalu yoyera m'thumba la zotsala, n'kukakulungamo. Kanangodzaza pakati pa chikhatho. Kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mandimu, dothi linali lofewa, ndipo anakumba ndi supuni yomwe ija. Sanapemphere, chifukwa sanadziwe ngati n'zololedwa kupempherera nsomba. Anangotsendera dothi ndi chala chachikulu, n'kuikapo chidutswa cha njerwa kuti nkhuku zisafukule.

Pobwerera anapeza Zamda atatsuka mbale ija n'kuibwezera m'kabati. Anali pakhonde, akuthira madzi atsopano m'ndowa yabuluu kudzera pa nsalu.

"Awa agone mpaka mawa," anatero osatembenuka. "Loweruka musapite kumsika m'mamawa. Mudzaone mmene timachitira. Zatsala khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo tiwiri tatsalira kumbuyo, mwationa?"

"Ndationa."

"Ndiye Ussene abwere nako kathanki kake."

"Abwere nako."

Zamda anatenga ndowa yake n'kutsika pakhonde, koma anaimanso.

"Ines mumuimbire. Osati za nsomba zokha."

Samisoni anati amuimbira. Analowa m'nyumba, anasamba m'manja, n'kuvala malaya a kuntchito. Sukulu zinali pafupi kutsegulidwa, ndipo pa benchi lake kumsika panali mulu wa mayunifomu odula kale, osasoka. Anapinda buluku la Ussene, anatseka chitseko, n'kutsika ndi njira yamatope, akulambalala zithaphwi.

Kumsika anapeza mayi wina wa ku Maniamba atakhala pakhonde la shopu, ana awiri aakazi atamutsamira, nsalu ili pamiyendo. Anati wadikira kuyambira m'mawa ndipo shapa, minibasi yomaliza ya kwawo, inyamuka posachedwa. Samisoni anapepesa, anatsegula loko, n'kuvundukula makina. Anadontheza mafuta pa gudumu, analowetsa ulusi pa singano ulendo wachiwiri, chifukwa woyamba dzanja linaphonya.

"Wamkuluyo ayambe," anatero. "Imirira bwino, mwanawe. Tambasula manja."